Mbiri ya Carl Laemmle, mkulu yemwe adayambitsa kampani ya mafilimu ya Universal

Pa 2 April 1936, mkulu wina wamfupi msinkhu, wa zaka 69, adalandidwa ulamuliro wa kampani yomwe adaiyambitsa ndi kuitsogolera kwa zaka 24. Mkuluyo adali Carl Laemmle, ndipo kampaniyo idali Universal, yomwe chizindikiro chake cha dziko lapansi likuzungulira chimaonekabe kumayambiriro kwa mafilimu mpaka lero. Universal ndi imodzi mwa makampani akale kwambiri opanga mafilimu omwe akugwirabe ntchito, ndipo kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 malo ake akhala akujambulirako mapulogalamu a wailesi yakanema.

Chomwe chidamulanditsa kampaniyo idali ngongole ya $750,000 yomwe adatenga miyezi isanu m'mbuyomo. Anthu ambiri a ku Hollywood adaona ngati mbiri ya munthuyu yathera pomwepo, ndipo ena sadamumvere chisoni, poti kwa zaka zambiri ankamuseka kuti adadzaza kampani ndi abale ake ochokera kwawo ku Germany. Koma Laemmle adali atatsala ndi zaka zitatu ndi theka za moyo, ndipo m'zaka zimenezo khalidwe lomwelo loitana anthu akwawo ndi lomwe lidapulumutsa mazana a Ayuda m'manja mwa boma la Adolf Hitler.

Laemmle adabadwa pa 17 January 1867 m'tauni yaing'ono ya Laupheim, mu ufumu wa Württemberg, kummwera kwa dziko lomwe tsopano ndi Germany. Makolo ake adali Ayuda opeza movutikira. Panthawiyo ku Laupheim kudali Ayuda ambiri omwe ankakhala moyandikana ndi Akhristu, ali ndi sunagoge, sukulu ndi manda awoawo. Ali ndi zaka 13, mnyamatayu adatumizidwa ku Ichenhausen kukaphunzira ntchito ya malonda ndi kusunga mabuku a ndalama. Mayi ake atamwalira m'chaka cha 1883, adaganiza zotsatira mkulu wake Joseph yemwe adali atapita kale ku America. Adakwera sitima yapamadzi yotchedwa Neckar ndipo adafika padoko la New York mu February 1884, ali ndi zaka 17.

Zaka 22 zotsatira sizidasonyeze kuti munthuyu adzatchuka. Adagwira maganyu ndi ntchito zaukalaliki ku New York ndi ku Chicago, kenako m'chaka cha 1894 adalembedwa ntchito yowerengera ndalama pa sitolo ya zovala ya Continental Clothing ku Oshkosh, m'chigawo cha Wisconsin. Kumeneko adakwezedwa kukhala woyang'anira sitolo, ndipo mu 1898 adakwatira Recha Stern, mbale wa mwini sitoloyo. Adabereka ana awiri, Rosabelle ndi Julius, yemwe pambuyo pake ankadziwika ndi dzina loti Carl Laemmle Junior.

Kumayambiriro kwa chaka cha 1906, atasemphana maganizo ndi bwana wake pa nkhani ya malipiro, Laemmle adasiya ntchito ndi kubwerera ku Chicago ali ndi zaka 39. Cholinga chake chidali chotsegula sitolo yogulitsa katundu wotsika mtengo. Akuyendayenda mumzindamo kufunafuna malo, adaona mizere ya anthu ikulowa m'tinyumba tina tamdima momwe ankaonetsa zithunzi zoyenda pamtengo wa masenti asanu. Diso la munthu wowerengera ndalama lidaona chomwe ena sadaone: wogula amalipira asanalowe, ndipo akatuluka katundu amatsala momwemo kudikira wogula wina.

Mu February chaka chomwecho adatsegula nyumba yake yoyamba yoonetsera mafilimu pamsewu wa Milwaukee, ndipo adaitcha White Front. Adaipaka laimu woyera ndi kuisamalira mwaukhondo pofuna kuti amayi ndi ana asachite manyazi kulowamo, popeza nyumba zotere zinkadziwika ndi uve. Posakhalitsa adatsegula yachiwiri. Ataona kuti anthu omwe ankamubwereka mafilimu sadali odalirika, adayambitsa kampani yake yogula mafilimu kwa opanga ndi kumawabwereketsa kwa eni nyumba zoonetsera. Pasanathe zaka zitatu, Laemmle Film Service idali imodzi mwa makampani akuluakulu ochita malondawa ku America.

Apa mpomwe adagundana ndi Thomas Edison, mkulu wotchuka pa luso lopanga makina. Mu December 1908, kampani ya Edison pamodzi ndi ena monga Biograph, Vitagraph, Essanay, Selig, Lubin, Kalem ndi Pathé adapanga mgwirizano wotchedwa Motion Picture Patents Company. Adasonkhanitsa ziphaso zawo zaumwini wa kamera ndi makina oonetsera mafilimu, ndipo adagwirizana ndi kampani ya Eastman Kodak kuti izigulitsa filimu yojambulira kwa mamembala okha. Aliyense wokhala ndi nyumba yoonetsera adalamulidwa kumalipira $2 pa sabata chifukwa chogwiritsa ntchito makina omwe adagula ndi ndalama zake, komanso sankaloledwa kuonetsa filimu ya munthu wakunja kwa mgwirizanowo.

Poyamba Laemmle adalowa nawo, koma mu April 1909 adabweza chiphaso chake ndi kuyamba kudzudzula mgwirizanowo poyera m'nyuzipepala zamalonda, mothandizidwa ndi mnzake Robert Cochrane yemwe adali katswiri pa zotsatsa malonda. Popeza tsopano sakadatha kupeza mafilimu kwa mamembala, adayamba kupanga ake. Kampani yake ya Independent Moving Pictures, yomwe anthu ankangoitchula kuti IMP, idatulutsa filimu yoyamba yotchedwa Hiawatha m'chaka chomwecho. A mgwirizanowo adamusumira milandu 289, ndipo ankatumiza akazitape kukafufuza kamera zomwe ankagwiritsa ntchito. Mu 1911 gulu lake lina lidachita kupita ku Cuba kukajambulira kutali ndi oimira milandu a Edison.

Chida chachikulu chomwe adamenyera nkhondoyi chidali mayina a anthu. Makampani ambiri panthawiyo sankalengeza mayina a ochita zisudzo m'mafilimu awo, mwa zina poopa kuti akatchuka ayamba kufuna malipiro ochuluka. Mtsikana wina yemwe anthu ankamukonda kwambiri ankangodziwika kuti mtsikana wa Biograph. Laemmle adamulemba ntchito, ndipo kumayambiriro kwa 1910 mphekesera idabuka yoti mtsikanayo wafa pangozi yapamsewu. Kenako IMP idatulutsa chilengezo chotsutsa nkhaniyo, ikuloza chala adani ake kuti ndiwo adapeka bodzalo, ndipo idatchula dzina lake lenileni, Florence Lawrence. Atafika mumzinda wa St. Louis ndi thupi lake, chikhamu cha anthu chidamuunjirira. Olemba mbiri ambiri amakhulupirira kuti mphekeserayo adaifesa ndi Laemmle yemweyo. Patangopita miyezi yochepa adakopanso Mary Pickford kuchoka ku Biograph.

Mapeto ake mgwirizano wa Edison udagonja. Mu October 1915 bwalo lamilandu lidagamula kuti udaphwanya lamulo loletsa kuphangira malonda, ndipo mu 1917 bwalo lalikulu la dziko la America lidapereka chigamulo chokomera Universal pa mlandu wina womwe mgwirizanowo udasuma.

Panthawiyo nkuti Universal ili ndi zaka zisanu. Idakhazikitsidwa ku New York m'chaka cha 1912 pomwe IMP idaphatikizana ndi makampani ena ang'onoang'ono a anthu monga Pat Powers, David Horsley, Mark Dintenfass, Charles Baumann ndi Adam Kessel. Ubale wa anthuwa sudali wabwino. Adalimbirana mabuku a kampani ndi kukokerana kumabwalo amilandu, ena nkuchoka, ena nkugulitsa magawo awo. Pofika 1920, Laemmle atagula gawo la Powers, kampaniyo idatsala m'manja mwake.

Koma chomwe chidasiyanitsa Universal ndi makampani ena ndi malo omwe Laemmle adagula ku California. Adalipira $165,000 pogula munda wa maekala 230 m'chigwa cha San Fernando, kuseri kwa mapiri a Hollywood, ndipo pa 15 March 1915 adatsegula Universal City. Adafuna kuti malowo akhale mzinda weniweni wopangira mafilimu. Udali ndi apolisi ake, ozimitsa moto, chipatala, positi ofesi ndiponso malo osungirako nyama zakutchire zogwiritsa ntchito pojambula. Padali misewu yongomangidwa kumaso kokha yofanizira mizinda ya mayiko osiyanasiyana, ndi mapiri achilengedwe oyenera mafilimu a anthu okwera pa akavalo. Chikondwererocho chidasokonezeka tsiku lachiwiri pomwe woyendetsa ndege Frank Stites adagwa ndi kufa akuonetsa luso pamaso pa alendo.

Mzimu wa wamalonda wa ku Oshkosh sudamuchoke. Aliyense wolipira masenti 25 ankaloledwa kukhala pamabenchi ndi kumaonerera mafilimu akujambulidwa, kuwombera m'manja ngwazi ndi kukuwiza chigawenga, poti mafilimu a nthawiyo adalibe mawu ndipo phokoso silinkaononga kanthu. Potuluka alendowo ankatha kugula mazira a nkhuku za kampaniyo. Mwambowu udatha cha m'ma 1930, mafilimu atayamba kukhala ndi mawu.

Universal ya Laemmle inkapanga mafilimu ochuluka pamtengo wotsika, ndipo msika wake waukulu udali nyumba zoonetsera za m'matauni ang'onoang'ono. Adawagawa m'magulu ngati momwe wamalonda amagawira zovala pa shelefu: otsika mtengo ankatchedwa Red Feather, apakati Bluebird, ndipo apamwamba Jewel. Pomwe anzake a ku Paramount, Fox ndi Loew's ankabwereka ndalama kumabanki ndi kugula nyumba zikuluzikulu zoonetsera m'mizinda, iye sadapite patali ndi njira imeneyo chifukwa ankadana ndi ngongole. Kusamalaku kudateteza kampaniyo kwa kanthawi, koma kudaisiya ilibe misika yakeyake yodalirika m'mizinda momwe munkapezeka ndalama zambiri.

Pa nkhani yozindikira luso, Laemmle adali ndi mwayi waukulu, koma pa nkhani yolisunga adali wolephera. Munthu yemwe adaphunzitsa Hollywood kuti dzina la katswiri ndi chuma ndiye yemwenso ankaumira kulipira akatswiri ake. Lois Weber, mmodzi mwa amayi angapo omwe ankatsogolera kajambulidwe ka mafilimu ku Universal m'zaka za m'ma 1910, adali pakati pa otchuka kwambiri pa ntchitoyi ku America konse. John Ford adayambira pomwepo mu 1917 koma adapita ku Fox. Irving Thalberg adalowa ngati mlembi wa Laemmle ndipo adapatsidwa udindo woyang'anira Universal City asanakwanitse zaka 22. Mnyamatayu ndiye adalimbana ndi Erich von Stroheim, yemwe filimu yake ya Foolish Wives ya mu 1922 idadya ndalama zoposa $1 miliyoni, ndiponso ndiye adakonza zoti pajambulidwe The Hunchback of Notre Dame ya Lon Chaney. Mu 1923 Thalberg adachoka kupita kwa Louis B. Mayer, ndipo chaka chotsatira adakhala mmodzi mwa mizati ya MGM. Ngakhale Walt Disney adadutsa pakhomo pomwepa: kalulu wake wojambula pamanja wotchedwa Oswald adali chuma cha Universal, ndipo atamutaya mu 1928 adapanga Mickey Mouse.

Omwe sankachoka adali abale. Mkazi wake Recha atamwalira mu January 1919 pa mliri wa chimfine womwe udakuta dziko lonse, Laemmle sadakwatirenso, ndipo kampani idasanduka banja lake. Pafupifupi chaka chilichonse ankapita ku Ulaya, nkubwerako atalonjeza ntchito kwa mwana wa msuweni kapena wa mnansi. Zimanenedwa kuti nthawi ina abale ake oposa 70 adali pamndandanda wa olandira malipiro, ndipo ogwira ntchito onse, achibale ndi osakhala achibale, ankamutchula kuti Uncle Carl, kunena kuti amalume. Ambiri mwa abalewo adalibe luso lililonse. Komabe mmodzi mwa iwo, William Wyler, mwana wa msuweni wake, yemwe adabwera mu 1920 nkuyambira pa ntchito yotumidwa, adadzapata mphotho ya Oscar katatu ngati wotsogolera kajambulidwe.

Ubale wake ndi dziko lobadwira udali wovuta. Pa nkhondo yoyamba yapadziko lonse, Universal idapanga mafilimu onyoza Germany, kuphatikizapo The Kaiser, the Beast of Berlin ya mu 1918, ndipo Ajeremani ena sadamukhululukire. Nkhondo itatha, Laemmle adatumiza ndalama ndi chakudya kwa osauka a ku Laupheim, Ayuda ndi Akhristu omwe, ndipo mu 1927 akuluakulu a tauniyo adatcha msewu wina dzina lake.

Mu 1929 mwana wake Carl Junior atakwanitsa zaka 21, bamboyu adamupatsa udindo woyang'anira ntchito yonse yopanga mafilimu. Anthu adaseka kuti kukondera abale kwafika pachimake. Koma kunena zoona, mnyamatayo adali ndi masomphenya oposa a bambo ake pa luso. Adachepetsa chiwerengero cha mafilimu ndi kuika ndalama zambiri pa ochepa. Mu ulamuliro wake mudatuluka Dracula ndi Frankenstein mu 1931, The Mummy mu 1932, The Invisible Man mu 1933 ndi Bride of Frankenstein mu 1935, mafilimu oopsa omwe adatchukitsa Bela Lugosi ndi Boris Karloff ndipo akupezetsabe ndalama kampaniyo.

Filimu yomwe idasintha moyo wa Laemmle idali All Quiet on the Western Front, yochokera m'buku la Erich Maria Remarque, yomwe adaitsogolera ndi Lewis Milestone. Imafotokoza za anyamata a sukulu a ku Germany omwe adalowa usilikali mwachisangalalo nkukathera m'maenje a kunkhondo. Mu November 1930 idapata mphotho ya Oscar ya filimu yopambana, koyamba m'mbiri ya Universal. Mwezi wotsatira idayamba kuonetsedwa ku Berlin. Pa 5 December, Joseph Goebbels adalowa m'holo ya Mozartsaal ndi anyamata a chipani cha Nazi. Adaponya mabomba onunkha, adamasula mbewa zoyera pakati pa oonerera, ndipo adayamba kukuwa mawu onyoza Ayuda ndi kumenya omwe ankawaganizira kuti ndi Ayuda. Zionetsero zidapitirira m'misewu kwa masiku angapo, ndipo pa 11 December boma lidaletsa filimuyo. Apa nkuti Hitler asanalowe m'boma.

Laemmle sadatuluke m'nkhaniyi wopanda banga. Pofuna kuteteza msika wa ku Germany, Universal idavomera kudula zigawo zina za filimuyo kuti iloledwenso mu 1931. Komabe zomwe zidachitika ku Berlin zidamutsegula maso msanga kuposa anthu ambiri. Mu January 1932 adalembera kalata William Randolph Hearst, mwini nyuzipepala zambiri ku America, kumuchenjeza kuti Hitler akadzatenga boma, Ayuda a ku Germany ndi mayiko oyandikana nawo adzachitidwa nkhanza zoopsa. Patatha chaka chimodzi Hitler adakhala mtsogoleri wa boma. Dzina la Laemmle lidachotsedwa pamsewu wa ku Laupheim, ndipo njira yopita kwawo idatsekeka.

Panthawi yomweyo chuma cha kampani chidayamba kulowa pansi. Mavuto azachuma omwe adayamba mu 1929 adachepetsa anthu opita kukaonera mafilimu, pomwe mafilimu a Junior ankadya ndalama zambiri. Mu November 1935, pofuna kumaliza mafilimu omwe adali mkati, makamaka Show Boat, Laemmle adabwereka $750,000 ku Standard Capital Corporation ya J. Cheever Cowdin. Chikole chidali magawo a banja lake m'kampani, ndipo mgwirizanowo udapatsa obwereketsawo ufulu wogula Universal pamtengo wa $5.5 miliyoni. Laemmle ankaganiza kuti anthuwo sangathe kusonkhanitsa ndalama zochuluka chotero m'nthawi yomwe adagwirizana. Adalakwitsa. Show Boat idapyola bajeti ndi $300,000, filimu ina yodula yotchedwa Sutter's Gold sidayende malonda, ndipo Cowdin adapeza ndalamazo. Bambo ndi mwana adachoka, abale ambiri nkuchotsedwa ntchito. Show Boat, momwe mudali woyimba wachikuda Paul Robeson, idatuluka mu May 1936 ndipo anthu adaiyamikira kwambiri, koma phindu lake adakolola ndi eni atsopano.

Laemmle adatsala ndi ndalama zambiri komanso nthawi yambiri, ndipo makalata ochokera ku Germany adali atayamba kale kuunjikana patebulo pake. Kuti ntchito yomwe adagwira imveke bwino, nkofunika kudziwa momwe malamulo olowera ku America ankayendera. Lamulo la mu 1924 lidaika malire a chiwerengero cha anthu ochokera ku dziko lililonse, ndipo Germany inkaloledwa anthu pafupifupi 26,000 pachaka. Koma kuyambira mu 1930 maofesi a kazembe adalamulidwa kukana aliyense yemwe angadzakhale mtolo ku boma. Popeza boma la Nazi linkalanda pafupifupi chuma chonse cha Myuda wotuluka m'dzikolo, othawawo ankafika pawindo la ofesi ali chimanjamanja. Chomwe chikadawapulumutsa chidali chikalata cha lumbiro chochokera kwa nzika ya America, yolonjeza kuti idzawasamalira, chophatikizidwa ndi umboni wa kubanki ndi wa msonkho. Chifukwa cha kukhwimitsa kotereku, kwa zaka zambiri za m'ma 1930 malo omwe lamulo lidapereka kwa Germany sankadzaza nkomwe.

Laemmle adayamba kusayina zikalatazi, poyamba za abale, kenako za anthu a ku Laupheim ndi madera ena a Württemberg, mapeto ake ngakhale za anthu omwe sadawaonepo. Sankalekera pa siginecha. Ankalipira ulendo wa pasitima, kupereka ndalama zoyambira ndi kuwafunira ntchito kwa anzake m'mizinda yosiyanasiyana. Kafukufuku wa Udo Bayer, mphunzitsi wa ku Laupheim yemwe adasanthula makalata a boma la America patadutsa zaka zambiri, adasonyeza kuti Laemmle adapereka zikalata pafupifupi 300, ndipo chikalata chimodzi chinkatha kuimira banja lonse.

Ofesi ya kazembe wa America ku Stuttgart, yomwe inkatsogoleredwa ndi Samuel Honaker, ndiyo inkaona zopempha za anthu a m'chigawocho, ndipo idayamba kukana zikalata zake. Zifukwa zake zidali zoti mkuluyu wakalamba ndipo akhoza kumwalira asanakwaniritse malonjezo, kuti wasayinira anthu ambiri, komanso kuti ena mwa iwo sadali abale ake. Munthu yemwe adasekedwa kwa zaka 20 chifukwa chokhala ndi abale ochuluka tsopano ankauzidwa kuti anthu omwe akuwaitana si abale okwanira. Adalembera makalata nduna yoona zakunja Cordell Hull kudandaula, koma sizidaphule kanthu kwenikweni. Atatsekeredwa khomo limenelo, adayamba kupempha anzake, abale ndi omwe adawagwirirapo ntchito kuti asayine m'malo mwake, iye nkumalonjeza kuti ndalama zonse zidzachokera m'thumba mwake.

Usiku wa pa 9 November 1938, pomwe masunagoge adatenthedwa m'dziko lonse la Germany, ya ku Laupheim nayo idapsa, ndipo amuna ena a Chiyuda a m'tauniyo adatengeredwa ku ndende ya Dachau. Mu 1939 sitima ya St. Louis, yomwe idanyamuka ku Hamburg ndi anthu 937, ambiri mwa iwo Ayuda othawa, idakanizidwa kutsitsa pafupifupi onse ku Cuba. Laemmle adatumiza uthenga wa telegalamu kwa Pulezidenti Franklin Roosevelt kupempha kuti alowererepo. America sidawalandire. Sitimayo idabwerera ku Ulaya, ndipo anthu 254 mwa iwo adaphedwa m'zaka za nkhondo.

Carl Laemmle adamwalira ndi matenda a mtima kunyumba kwake ku Beverly Hills pa 24 September 1939, ali ndi zaka 72, patangotha masabata atatu nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itayamba. Adaikidwa m'manda a Chiyuda a Home of Peace ku Los Angeles. Ayuda omwe adatsalira ku Laupheim adasamutsidwa mokakamiza mu 1941 ndi 1942, omaliza adatumizidwa ku Theresienstadt, ndipo ochepa okha ndiwo adapulumuka.

Kampani yomwe adaisiya idadutsa m'manja ambiri. Eni atsopano adaipulumutsa ku umphawi ndi mafilimu a mtsikana woyimba Deanna Durbin, kenako ndi nthabwala za Abbott ndi Costello. Mu 1946 idaphatikizana ndi International Pictures, ndipo mu 1952 idagwa m'manja mwa kampani ya nyimbo ya Decca. Wailesi yakanema itayamba kulanda anthu oonera mafilimu, kampani ya MCA ya Lew Wasserman idagula malo a Universal City mu 1958 kuti nthambi yake ya Revue izijambulirapo mapulogalamu, ndipo mu 1962 idatenga kampani yonse. Universal idakhala imodzi mwa opanga mapulogalamu ochuluka kwambiri ku America, ndipo kumeneko nkomwe kudachokera Columbo, Kojak, The Six Million Dollar Man, Knight Rider, Magnum P.I., Miami Vice ndi Law & Order. Mu 1964 MCA idatsitsimutsa ganizo la Laemmle lolipiritsa alendo ofuna kuona momwe mafilimu amapangidwira, ndipo lidakula mpaka kukhala malo azisangalalo omwe tsopano ali ku Hollywood, Orlando, Osaka, Singapore ndi Beijing.

Umwini udapita ku Matsushita ya ku Japan mu 1990, ku Seagram ya ku Canada mu 1995, ku Vivendi ya ku France mu 2000, kenako mu 2004 Universal idaphatikizana ndi NBC pansi pa General Electric. Comcast idagula gawo lalikulu mu 2011 ndi kumalizitsa mu 2013. Mwa mafilimu omwe Steven Spielberg adapangira kampaniyi, monga Jaws mu 1975, E.T. mu 1982 ndi Jurassic Park mu 1993, palinso Schindler's List ya mu 1993, nkhani ya wamalonda wa Chijeremani yemwe adapulumutsa Ayuda polemba mayina awo pamndandanda wa antchito ake.

Ku Laupheim, komwe dzina lake lidafufutidwa pamsewu mu 1933, tsopano kuli sukulu ya sekondale yotchedwa Carl-Laemmle-Gymnasium, ndipo nyumba yosungirako mbiri ya Akhristu ndi Ayuda ya m'tauniyo ili ndi zipinda zofotokoza moyo wake. Kuyambira mu 2017, m'tauniyo mumaperekedwa mphotho ya dzina lake kwa opanga mafilimu a ku Germany.

Carl Junior, yemwe adali ndi zaka 27 zokha pomwe banja lake linkataya Universal, sadapangenso filimu ina iliyonse. Adadwala kwa nthawi yaitali ndipo adamwalira ku Beverly Hills pa 24 September 1979, tsiku lomwe padakwana zaka 40 chimwalirire bambo ake. Adaikidwa pamodzi nawo ku Home of Peace.